Chigodola cha nkhumba: chifukwa chake katemera sakupezeka, ndi zimene izi zikutanthauza ku Phalombe

Nthawi iliyonse boma likaletsa kuyendetsa, kupha ndi kugulitsa nkhumba chifukwa cha chigodola, alimi amafunsa alangizi a ziweto funso limodzimodzi. Nkhuku zili ndi katemera wa chitopa wa I-2, amene amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo agalu amabayidwa wa chiwewe. Nanga wa nkhumba uli kuti? Funsoli ndi lomveka, makamaka ku Phalombe kumene mabanja ambiri akhala akubwezeretsa ziweto zimene zidakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Yankho lake lagona m'mapangidwe a kachilombo keniko.

Kuti timvetse, tiyerekeze chigodola ndi nthenda ina ya nkhumba imene maiko angapo adaigonjetsa. Iyi ndi nthenda ya Aujeszky, yotchedwa dzina la dokotala wa ziweto wa ku Hungary, Aladár Aujeszky, yemwe adailongosola mu 1902. Ena amaitcha chiwewe chabodza chifukwa cha mmene imazunzira galu, mphaka kapena ng'ombe: chiweto chimadzikanda ndi kudziluma mpaka kuchucha magazi, n'kufa m'masiku ochepa. Mu nkhumba, kachilomboka kamalowera m'mphuno, kukwera m'mitsempha ya kumutu mpaka ku ubongo. Tiana ta sabata imodzi kapena ziwiri timanjenjemera, kuyenda mozungulirazungulira, ndipo pafupifupi tonse timafa. Nkhumba zabere zimapoloza. Zikuluzikulu zimatsokomola n'kuchira, koma kachilomboka kamakhalabe kali duu m'mitsempha moyo wonse wa nkhumbayo, kudikira tsiku limene yafooka kuti kadzukenso.

Komatu kachilombo kameneka kali ndi majini pafupifupi 70 okha, ndipo ntchito ya ambiri mwa iwo idadziwika. Akatswiri adachotsamo jini lotchedwa gE, limene limakathandiza kufalikira m'mitsempha, ndipo kotsalako kadasanduka katemera. Ubwino wina wa katemerayu ndi wakuti poyeza magazi munthu amatha kusiyanitsa nkhumba yobayidwa ndi yodwala zenizeni. Ndi njira imeneyi dziko la America lidathetsa nthendayi m'makola a zamalonda pofika mu 2004.

Chigodola ndi nkhani ina. Kachilombo kake kali ndi majini oposa 150, ndipo ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kusokoneza chitetezo cha m'thupi. Choopsa kwambiri n'chakuti kamaswana mkati mwa maselo a m'magazi amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo tolowa m'thupi. Mlonda yemweyo ndiye amasanduka chisa cha mdani. Zikatero timitsempha ta magazi timayamba kudontha, n'chifukwa chake makutu, mimba ndi miyendo zimafiira kapena kubiriwira, kapamba amatupa n'kuda, ndipo nkhumba imatentha thupi, kukana madeya, kugona mounjikana ndi zinzake. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 4 ndi 19 chitengereni matendawa, ndipo akabwera ndi ukali khola lonse limatha psiti. Katemera wa kachilombo kophedwa adayesedwa kambirimbiri koma sateteza. Wa kachilombo kofooketsedwa amateteza ku mtundu umene adapangidwira, pomwe mitundu yodziwika ilipo 24. Dziko la Vietnam lidavomereza akatemera awiri otere mu 2023, koma amenewo si mankhwala oti mlimi wa ku Migowi kapena ku Chiringa angawayembekezere nyengo ino. Aliyense wobwera ndi botolo pamsika n'kumati ndi katemera wa chigodola akungokudyerani ndalama.

Matendawa si achilendo kuno kwathu. Adalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ofufuza adapeza kachilomboka m'nkhupakupa zofewa zobisala m'ming'alu ya makola ku Mchinji. Nkhupakupa zimenezi zimasunga kachilomboka kwa zaka, monganso zimachitira m'mauna a njiri kutchire. Koma tisaloze chala nkhupakupa zokha. Chimene chimayendetsa chigodola mitunda italiitali ndi nyama ndi munthu. Kachilomboka kamakhala kamoyo kwa miyezi m'nyama yowamba, yothira mchere kapena ya mufiriji. Mu 2007 kadatulukira ku Georgia, kutali kwambiri ndi Africa, ndipo atakayeza adapeza kuti n'kofanana ndi ka ku Mozambique, Zambia ndi Madagascar. Pofika Ogasiti 2018 kadali katalowa m'dziko la China, kumene kadapha ndi kuphetsa nkhumba miyandamiyanda. Ngati kadawoloka nyanja zikuluzikulu, malire a Phalombe ndi Mozambique, amene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku pa njinga ndi wapansi, sangakatchinge.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Mlimi akaona nkhumba imodzi yagona, amathamangira kupha zotsalazo n'kugulitsa motchipa asanaluze zonse. Sitingamuweruze msanga, pakuti nkhumbayo ndiyo fizi ya mwana ndi thumba la feteleza. Koma nyamayo ikafika pa kanyenya, magazi ake amapita pa mpeni, pa chitsa chodulirapo, pa nsapato za wogula. Madzi otsukira nyama amathiridwa m'madeya a khola lina. Popeza chigodola sichigwira munthu, ambiri saona cholakwa; amene amalira ndi mnansi yemwe patatha sabata akukumba dzenje. Chiletso cha boma chimapweteka ochita malonda, inde, komabe pamene palibe katemera ndiponso palibe mankhwala, kuimitsa kayendedwe ka nkhumba ndi nyama yake ndi chida chokhacho chimene chimagwira ntchito.

Kwa mlimi, zofunika n'zochepa koma zosafuna kunyengerera. Nkhumba zikhale m'khola ngakhale m'chilimwe, pamene chizolowezi n'chozitayirira m'minda yokololedwa. Ogula asalowe m'khola, aonere kunja. Zotsala za kukhitchini ziwiritsidwe kwa mphindi zosachepera 30 musanazipereke. Nkhumba yogulidwa kumene, kapena yamphongo yobwerekedwa kuti ikwere zazikazi, iyambe yakhala payokha. Ikafa mwadzidzidzi, dziwitsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi pa boma la Phalombe tsiku lomwelo, ndipo mtembo wake ukwiriridwe mozama kapena kuwotchedwa, osaupereka kwa agalu. Galu amene wayamba kuchita zachilendo, kaya adadya nyama yotere kaya ayi, muyambe mwamuyesa wachiwewe, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala. Khola limene mwafera nkhumba litsukidwe, lithiridwe mankhwala, likhale lopanda chiweto kwa masiku osachepera 40. Ngati ndi lamitengo kapena ladothi lokhala ndi ming'alu, ndi bwino kuliwotcha n'kumanga lina pamalo ena.