Kachomera kodya ntchentche ndi tsogolo la dambo lathu

Anzanga apamudzi ndi inu abale a m'tauni, lero ndikambeko za kachomera kena ka m'dambo, ophunzira amati Drosera. Masamba ake ali ndi tiubweya tofiira tokhala ndi timadontho ngati mame, koma ndi ulimbo umenewo. Kantchentche kakatera basi kakanirira, tiubweya n'kupindika pang'onopang'ono, tsamba n'kuyamwa. Kwathu kuno kamakula moyedzamira udzu. Ku Australia kuli mtundu woyanga ngati nyemba, wokhala ndi kambatata pansi, umagona nyengo yotentha.

Inu okonda maluwa a m'miphika mverani. Musakathire feteleza kapena manyowa, mizu imapsa. Chakudya chake ndi tizilomboto. Kamafuna dothi losauka lamchenga, lonyowa nthawi zonse, dzuwa lambiri ndi madzi amvula, osati apamjigo. Komanso chonde musamakazule m'dambo.

Tsono mawu anga enieni ndi awa. Pomwe kamera, nthawi zambiri pamakhala chinyezi chosatha. Ifeyo tikulima madimba mpaka pakati pa dambo, kukumba ngalande, kutentha udzu, feteleza n'kumakokolokera komweko. Kachomeraka kakayamba kusowa, dziwani kuti dambo likuuma, ndipo chitsime chimene timadalira mu Okutobala nacho chitsatira.

Ndiwo zam'dimba tonse timazifuna, sindikukana ayi. Koma tisiyeko kachigawo kosalima pozungulira kasupe. A mfumu, tiitaneni tikambirane chilimwe chisanafike. Pakadafunda padajiwitsa galu.