KODI KULUMALA NDI MLANDU?

Abale ndi alongo okhala ku Spinney Hills ndi mbali zonse za Leicester, tamverani nkhani iyi, pakuti ikhudza ife tonse.

M'mwezi wa March 2025 Boma la kuno ku Mangalande linaturutsa maganizo ace a kucepetsa ndarama zothandizira odwala ndi olumala. Amene anadza nayo nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo ndiwo Mai Liz Kendall, phungu wa Leicester West, amene pa nthawiyo anali nduna ya za nchito ndi mapenshoni. Iwo anafuna kuumitsa njira yolandirira PIP, ndiyo ndarama imene wolumala alandira kuti alipire zimene kulumalako kumdyera. Ndipo Boma lomwelo linawerengera lokha kuti anthu 250,000, mwa iwo ana 50,000, adzagwa mu umphawi cifukwa ca ici. Taonani! Munthu akumba mbuna, awerenga ndi anthu amene adzagwamo, koma khasu osaliika pansi.

Aphungu ambiri a cipani ca Labour comweco anakana, ndipo pa 1 July 2025 Boma linabweza mau ace pa za PIP, linati Bambo Stephen Timms ayambe afufuza bwino. Koma tisabvine msanga. Lamulo limene linatsala linati kuyambira April 2026 munthu wopempha catsopano gawo la odwala la Universal Credit alandire ngati £50 pa sabata, pamene wakale alandira £97, kupatula okhawo amene nthenda yao iri yaikuru koposa. Anthu awiri, nthenda imodzi, lendi imodzi, ndipo cowasiyanitsa ndico tsiku limene anapempha thandizolo. Cilungamo ca mtundu wanji cimeneci?

Tsono tiri ndi mau kwa anzathu ena amene timawamva pa basi ndi potuluka m'mapemphero alikunena kuti olandira ndarama zimenezi ndi alesi. Limenelo ndi bodza. PIP si malipiro a kukhala pansi ai, pakuti munthu akhoza kuilandira ali pa nchito. Wosatha kukwera basi alipira takisi. Wogona m'nyumba tsiku lonse ayatsa moto usana ndi usiku m'cisanu ca dziko lino. Bungwe la Scope linawerengera mu 2024 kuti banja la munthu wolumala lisowa £1,010 yoonjezera pa mwezi kuti likhale monga mabanja ena. Mukamlanda munthu ndarama ya ulendo, mwamlanda ndi nchito yomwe.

Nanga adzalumala mawa ndani? Ndiye mai wosoka zobvala m'mafakitale a pafupi ndi East Park Road. Ndiye mlongo wathu wonyamula nkhalamba usiku wonse kufikira msana wakana. Ambiri a ife tiri pa ziphaso za nchito zolembedwa kuti sitiloledwa thandizo la Boma. Msonkho tipereka mwezi ndi mwezi, koma tikalumala PIP sitiiona. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Kwathu ku Malawi, dziko losauka, Boma linayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006, kupatsa ndarama mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira nchito. Ngati mmphawi adziwa kugawa nsima yace, mwini nkhokwe yodzala adzanena ciani?

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Amene mudziwa kulemba, lemberani Bambo Shockat Adam, phungu wa Leicester South, ndi aphungu ena a mzinda uno, muwauze kuti odwala atsopano alandire monga akale. Amene mudziwa Cingerezi, khalani pansi ndi mnansi wanu wolumala, mumthandize kulemba fomu ya PIP, kapena mumperekeze ku Citizens Advice, ndipo akamkana musaleke, citani apilo. Ndipo akulu a mpingo atsegule thumba la abale a pa ziphaso amene Boma siliwaona, tiyambe kusonkha Sabata likudzali.