Za Chilango Cholungama pa Masewera a Nthano

Mwezi uno tili ndi mlandu ndi atsogoleri a masewera ena amene ambiri a inu simunawaone. Koma mlanduwo mudzauzindikira msanga, pakuti ndiwo womwe ubuka paliponse pamene munthu mmodzi apatsidwa mphamvu ya kuweruza anzake.

Masewerawa dzina lake Dungeons & Dragons. Anawakonza Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo anatuluka ku America m'chaka cha 1974. Machitidwe ake ndi awa: anthu anayi kapena asanu akhala mozinga gome, ndipo mmodzi, amene eni ake amutcha Dungeon Master, koma ife tidzati wotsogolera, ayamba nthano. Anzakewo sangovomera kuti "tili tonse" monga achita ana madzulo, iai. Yense atenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, nakhala pakamwa pake ndi manja ake. Wina ali msilikali, wina mbala, wina wansembe. Akafuna kuchita chinthu chovuta aponya dayisi ya mbali 20, ndipo nambala yotulukayo ndiyo inena ngati wakhoza kapena walephera. Si njuga, pakuti palibe ndalama pagomepo. Nthano imodzi itha kuyenda miyezi, kapena zaka, ndipo wosewera afika pokonda munthu wake monga mlimi akonda munda umene anauswa yekha mphanje.

Mwa anthu a m'nthanomo alipo awiri amene mphamvu yao ichokera ku chipembedzo: wansembe, ndi msilikali wa lumbiro wotchedwa paladin, amene analowa m'masewerawa m'chaka cha 1975. Milungu yao njopeka, monga kalulu ndi fisi wa m'nthano zathu ali opeka. Tsono vuto lili apa: wotsogolera ndiye alankhulira mkulu wa ansembe, ndiyenso alankhulira mulungu wa m'nthanoyo, ndiyenso agamula mlandu. Woimba mlandu, mboni ndi woweruza ali munthu mmodzi.

Tiyerekeze chotere. Paladin wina apeza kuti mkulu wa ansembe a kachisi wake alikugulitsa tirigu amene anthu anapereka kuti adye amasiye. Amdzudzula, koma mkuluyo amseka. Pamenepo wosewera, mtima utamuwawa, ati munthu wake ampande mkuluyo khofi pamaso pa anthu. Nthawi yomweyo wotsogolera ati, Mulungu wako wakusiya. Mphamvu zako za kuchiritsa zatha, ndipo sizidzabweranso. Ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi yafera pa mau amodzi. Ife tinena poyera kuti chiweruzo chotere nchoipa, ndipo atsogoleri ochita izi ayenera kuleka.

Iwo adzayankha kuti, Lamulo litero. Kodi litero? Buku la osewera la m'chaka cha 1978 linasiyanitsa zolakwa. Paladin wochita chosokoneza mwambo anayenera kufuna wansembe wamkulu, kuulula tchimo lake, ndi kuchita chimene wansembeyo amlamula. Wochotsedwa kosabwerera anali yekhayo wochita choipa chenicheni mochidziwa ndi mochifuna. M'mabuku a m'chaka cha 2000 anatsegula njira yakuti wakugwa abwezeredwe mwa mwambo wa chitetezero. Ndipo m'buku la 2014 analemba kuti wophwanya lumbiro afune chikhululukiro kwa wansembe wa chipembedzo chake kapena kwa paladin mnzake, kapena achezere m'kupemphera, kapena asale chakudya. Chilango chachikulu achisungira iye amene alakwira dala osaonetsa kulapa. Chotero wotsogolera wogwetsa mphezi pa cholakwa choyamba asabisale kumbuyo kwa buku. Bukulo lili ndi chifundo kuposa iye.

Adzatinso, Tikapanda kulanga, kachisi adzasanduka choseketsa, ndipo osewera adzaba za paguwa ndi kunyoza ansembe osaopa kanthu. Apa anena zoona, ndipo sitiwatsutsa. Tidziwa kuti alipo atsogoleri ena aulesi amene alekerera zonse poopa kukwiyitsa anzao, ndipo nthano yao isukuluka ngati ndiwo yopanda mchere. Mlandu suola. Wopanda wansembe pamaso pa mudzi ayenera kuona zotsatira zake. Chimene tikana ife ndicho chilango chopanda muyeso ndi chopanda chenjezo.

Taonani m'mene zinayendera m'mbiri yeniyeni, ku maiko kumene okonza masewerawa anatengako malupanga, malinga ndi ansembe ao. M'chaka cha 390 asilikali a mfumu Theodosius anapha khamu la anthu ku Thessalonica. Ndipo Ambrose, bishopo wa ku Milan, anaikaniza mfumuyo Mgonero kufikira italapa poyera, ndipo italapa inalandiridwanso. M'mwezi wa January 1077 mfumu Henry IV, itachotsedwa mu mpingo ndi Papa Gregory VII, inaima masiku atatu m'chisanu pa chipata cha Canossa, ndipo inamasulidwa. Pa 29 December 1170 asilikali anayi anapha Thomas Becket m'tchalitchi cha Canterbury; ndipo m'chaka cha 1174 mfumu Henry II, imene mau ake aukali anautsa imfayo, inayenda yosavala nsapato kufikira kumanda ake, nilola kuti amonke aikwapule. Milandu imeneyi inali yaikulu kopambana khofi, koma chilango chinadza ndi manja a anthu, chinatenga nthawi, ndipo khomo la kubwerera linali lotseguka. Wotsogolera wanzeru apeza m'menemo nthano ya miyezi yambiri. Wopupuluma aitaya yonse m'kamphindi.

Chifukwa chake tiika pamaso pao zinthu zinayi.

Choyamba, agwirizane asanayambe. Lumbiro la paladin ndi miyambo ya kachisi zinenedwe usiku woyamba, onse alikumva, kuti pasadzakhale lamulo lobadwa tsiku la mlandu.

Chachiwiri, achenjeze. Munthu wa m'nthanoyo anakulira m'kachisi, ndipo adziwa chimene chili chonyansa kumeneko. Koma wosewera anafika pagome atachokera ku ntchito yake, ndipo mwina waiwala. Wotsogolera anene kuti, Munthu wako adziwa kuti kupanda mkulu wa ansembe ndi mlandu waukulu. Kodi ufunabe kutero? Wakutsina khutu ndi mnansi. Wosewera akati inde, wasankha yekha, ndipo chilango chikadza sadzadandaula.

Chachitatu, asiyanitse wansembe ndi mulungu wake. Apa ndipo atsogoleri ambiri aphunthwa. Mkulu wa ansembe wakuba tirigu wa amasiye atha kuchotsa paladin m'kachisi, kumkaniza malo ogona, kumtumira asilikali, ndi kuipitsa mbiri yake m'midzi yonse. Zonsezi nzoyenera, pakuti ndizo mphamvu za udindo wake. Koma kunena kuti mulungu wa chilungamo waima ndi mbala chifukwa mbalayo yavala mkanjo, ndiko kuphunzitsa bodza pagome. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, pochenjeza kuti woponya mwala asamale mkhatewo. Sanati khosweyo wasanduka mwini mkhate.

Chachinayi, chilango chigwere munthu wa m'nthano, chisagwere mnzao wokhala pampando. Ngati wotsogolera wapsa mtima chifukwa wosewera waononga nthano imene anaikonza mlungu wonse, aimitse masewera, alankhule naye maso ndi maso monga munthu ndi mnzake. Kutuma mulungu wopeka kuti akakubwezerere mkwiyo wako ndiko mantha, ndipo onse a pagomepo auona. Mlungu wotsatira mpando umodzi udzakhala wopanda munthu.

Wina adzati, Nanga tivutikiranji ndi masewera? Yankho lathu ndi ili: ambiri a iwo okhala pa magome amenewa ndi anyamata ndi atsikana, ndipo kwa ena ndipo poyamba kugwira mphamvu ya kuweruza anzao. Wozolowera kugamula mosafunsa ali ndi dayisi m'manja adzagamula chomwecho tsiku limene adzakhala mphunzitsi, kapitao kapena mkulu wa mpingo. Ndipo inu nomwe amene munakhalapo pa bwalo la mfumu kapena pa msonkhano wa akulu mudziwa kusiyana kwa mlandu umene wopalamula anamvedwa, nachenjezedwa, napatsidwa njira yobwerera, ndi mlandu umene unatha iye asanatsegule pakamwa.

Atsogoleri inu, mpando wanuwo anakupatsani ndi anzanu, ndipo atha kukulandaninso mwa kungoleka kubwera. Weruzani mofatsa, nenani chifukwa cha chiweruzo chanu pamaso pa onse, ndipo wolakwa mumsiyire njira yakuti abwerere.