Ng'oma za pa kompyuta ndi kuziphunzitsa kuimba ngati munthu

Ng'oma za pa kompyuta ndi kulira kwa ng'oma zenizeni kumene kunajambulidwa kale mu situdiyo, kumenya kulikonse pakokha, n'kusungidwa mu pulogalamu. Wopanga nyimbo sagwira timitengo ayi. Amangoika timadontho pa sikirini, ndipo kadontho kalikonse kamauza pulogalamu ng'oma yoti imenye, nthawi yake ndi mphamvu yake. Malangizowa amayenda pa njira yotchedwa MIDI, imene inayamba kugwira ntchito mu 1983.

Kwa woimba wa ku Kabwe, m'dziko la Zambia, phindu la njirayi si lofunika kulifunafuna. M'zaka za m'ma 1970, magulu a nyimbo za Zamrock ankajambula ku DB Studios ku Lusaka kapena ku Malachite ku Chingola, ndipo tauni ya pakati ngati Kabwe inali yongodutsamo. Ngakhale lero, kujambula ng'oma zenizeni kumafuna maikolofoni ambiri, chipinda chosalowa phokoso, ndiponso anansi oleza mtima, zinthu zosowa m'makomboni ngati Bwacha, Katondo ndi Makululu kumene nyumba zili mothithikana. Laputopu yokhala ndi FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imafuna mahedifoni basi, ndipo imagwirabe ntchito pa batire magetsi a ZESCO akathima monga ankachitira kwa maola ambiri mu 2024.

Chimene chimaulula msanga ng'oma za pa makina ndi mphamvu yofanana. MIDI imayeza kumenya kuyambira pa 1 mpaka 127. Ongoyamba kumene amakonda kusiya timadontho tonse pa nambala imodzi, ndipo hai-hati imangolira ngati makina osokera a telala. Dzanja la munthu silitero. Limatsindika pena, n'kupepuza pena. Hai-hati ikamasinthana pakati pa 95 ndi 70, imayamba kuvinitsa. Pakati pa kumenya kukulukulu kwa sineya, woimba weniweni amaponyamo timamenyedwe tofooka, ta mphamvu ya 30 kapena 40, timene khutu silitiwerenga koma limatisowa tikachotsedwa. Ng'oma ikamenyedwa pang'ono sikuti imangotsika mawu. Kamvekedwe kake kamasintha. N'chifukwa chake mapulogalamu ngati EZdrummer ndi Addictive Drums amasunga kumenya kwa mphamvu zosiyanasiyana pa ng'oma imodzi yomweyo. Wopanda ndalama asadandaule: MT Power Drum Kit ndi yaulere, ndipo ikagwa m'manja abwino imaposa pulogalamu yodula yongodinidwa mwachisawawa.

Nthawi nayo ndi chimodzimodzi. Kompyuta imakokera kadontho kalikonse pa mzere weniweni, pamene munthu amatsogola kapena kutsalira pang'ono. Sineya yochedwetsedwa ndi mamilisekondi 10 imapatsa nyimbo kudekha; hai-hati yotsogola pang'ono imaithamangitsa. Mapulogalamu ambiri ali ndi batani lomwaza timadontho mwachisawawa, koma si lodalirika kwenikweni, chifukwa woimba waluso satsetsereka paliponse. Ali ndi chizolowezi chake, ndipo amachibwereza.

Woimba ng'oma ali ndi manja awiri ndi miyendo iwiri. Izi zimaiwalika kawirikawiri pa sikirini, pamene palibe choletsa kuika zinthu zisanu ndi chimodzi pa mzere umodzi. Manja akapita pa matomu kukazunguliza, hai-hati iyenera kuleka. Simbalo yaikulu imagwa pamodzi ndi kiki.

Nkhani imakula pa kalindula, mtundu wa nyimbo za ku Zambia. Mabiti amene amabwera okonzeratu m'mapulogalamu akunjawa ndi a rock, pop ndi funk, ndipo ambiri amagawa kugunda kulikonse pawiri kapena panayi. Nyimbo zambiri za P.K. Chishala, Amayenge ndi Serenje Kalindula Band zimayenda patatu: kugunda kumodzi kuli ndi timagawo titatu, ndipo hai-hati ndi besi zimalukana mkati mwa timagawo timeneti. Wofuna kalindula ayambe wasintha mizere ya pa sikirini kuti igawike patatu, apo ayi chimene chituluke ndi nyimbo ya kwina yovala gitala ya kuno. Njira yachidule palibe koma kumvetsera nyimbo zakalezo mobwereza, kuomba m'manja potsata hai-hati, kenako n'kulemba zimene manja agwira. Ng'oma zachikopa za m'makwaya ndi visekese sizipezeka m'mapulogalamuwa, koma zimenezi n'zosavuta kujambula ndi maikolofoni imodzi. Chisekese chogwedezedwa ndi munthu kuyambira poyamba mpaka pothera nyimbo chimabisa kuuma kwa makina kuposa maola ambiri osuntha timadontho.

Posakaniza, ng'oma iliyonse itulukire pa tchanelo chakechake. Mkangano woyamba umakhala wa kiki ndi besi, popeza zonse zimakhala pansi, pakati pa 50 ndi 100 Hz. Chimodzi chipatse chinzake malo. Mu kalindula besi ndiye mwini nyimbo, choncho kiki ikhale yaifupi, yosachita mkokomo wautali. Kuchepetsa pang'ono pakati pa 300 ndi 500 Hz kumachotsa kugubuda, ndipo kukweza pang'ono cha pa 3 mpaka 5 kHz kumatulutsa kakuthwa ka kiki. Kakuthwa kameneka n'kofunika kwambiri, chifukwa sipika ya foni siitulutsa mawu apansi, ndipo omvera ambiri nyimbo amaimvera pa foni.

Kiki ndi sineya zikhale pakati. Hai-hati ipendekere mbali imodzi, matomu ayalidwe kuchoka kumanzere kupita kumanja, osawatayanitsa kwambiri. Mapulogalamu abwino amakhala ndi tchanelo cha maikolofoni a chipinda, ndipo kuchikweza pang'ono kumamanga ng'oma zonse kukhala gulu limodzi. Ngati kulibe, rivebu imodzi yaifupi yogawana ng'oma zonse imachita zomwezo. Kompuresa ipite mosamala: mawu a m'mapulogalamu ambiri anafinyidwa kale, ndipo kuwafinyanso kumafafaniza kusiyana kwa mphamvu kuja kumene kunatenga nthawi kukonza.

Chipinda cha makoma a simenti ndi denga la malata chimanamiza khutu, makamaka pa mawu apansi. Matiresi ndi mabulangete pa makoma amachepetsa kubwereza kwa mawu apamwamba, koma besi saigwira kwenikweni. Choncho mikisi iyesedwe m'malo angapo: pa mahedifoni, pa foni, m'minibasi, ndi pa masipika aakulu a pa bala kapena m'tchalitchi, moyerekeza ndi nyimbo ina yodziwika ya mtundu womwewo. Potulutsa fayilo yopita ku masitaringi, mawu okwera kwambiri asapitirire -6 dB, ndipo isungidwe ngati WAV. MP3 yotumiza pa WhatsApp ipangidwe pambuyo pake kuchokera ku fayilo yomalizidwa.