MBC si mphotho ya wopambana chisankho

Pali mawu amene akhala akuzungulira m'mafoni, ndipo akubwerezedwa pa siteji ya kabaza pa Dyeratu mpaka m'midzi ya kwa Katunga kuno ku Chikwawa. Akuti MBC ndi wailesi ya boma, adaiyambitsa ndi Kamuzu kuti izilankhulira boma, choncho amene wapambana chisankho ndiye mwini wake. Wodandaula angopotoza batani n'kumvera Zodiak kapena Times. Owanenawo amawanena mokhutira ngati mlandu watha. Ife tikuti ayi. Mawuwa akuphonya mbiri, akuphonyanso lamulo.

Wailesi sidayambe ndi Kamuzu. Makolo athu adayamba kumva Chinyanja m'kabokosi kuchokera ku Lusaka, kumene atsamunda adatsegula nyumba youlutsira mawu mu 1941 kuti azifalitsa nkhani za nkhondo. Nyumbayo idakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo ka batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo mabanja wamba adayamba kukhala ndi wailesi yawoyawo. Anthu adaikonda chifukwa cha nyimbo za oimba monga Alick Nkhata ndi mauthenga a moni. Koma itayamba kutamanda chitaganya chimene anthu akuda ankachikana, chikondi chija chidazirala, mpaka ku Northern Rhodesia kudabuka mphekesera yoti owulutsa mawu ena akugwirizana ndi opopa magazi. Umo ndi momwe omvera amalangira wailesi imene yawatembenukira. Mu 1958 zonse zidalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, chitaganya chidatha pa 31 December 1963, ndipo MBC idabadwa mu 1964.

Apa ndiye pagona nkhani. MBC idakhazikitsidwa ndi lamulo lopangidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Sidagulidwe ndi ndalama za m'thumba mwa munthu, sidalembedwe m'dzina la chipani. Chimene lamulo lapanga, lamulo lomwelo lingachisinthe, ndipo lidachisinthadi.

Tisabise pamene anzathuwa akunena zoona. Kwa zaka 30 MBC idalidi pakamwa pa boma la chipani chimodzi. Idali wailesi yokhayo m'dziko muno, kanema kunalibe, ndipo nkhani zinkayamba ndi Ngwazi tsiku ndi tsiku. Msonkhano waukulu wa MCP wa 1968 utagamula kuti pa wailesi pazimveka Chichewa ndi Chingerezi basi, Chitumbuka chidachotsedwa. Gogo wa ku Nsanje wolankhula Chisena adadikira mpaka 1996 kuti amve nkhani m'chilankhulo chake pa wailesi ya dziko lake. Zinthu zitatentha mu 1992, ofuna kudziwa zenizeni ankasaka BBC kapena Channel Africa usiku, mawu atatsitsa, chitseko chili chotseka. Inde, wailesi yomweyo idatipatsa Kapalepale, idaphunzitsa ulimi, idafikitsa mauthenga a maliro kwa abale akutali m'masiku amene foni idali ya mabwana okha. Zabwinozo sitikuzikana. Koma amene akuti MBC iyenera kukhala momwe idalili kale akupempha kuti tibwerere ku dongosolo limene Amalawi adalikana pa riferendamu ya pa 14 June 1993.

Chikanireni dongosololo, malamulo adayamba kusintha limodzi ndi limodzi. Lamulo la zisankho la 1993 lidapatsa chipani chilichonse ufulu woti mfundo zake za kampeni zimveke pa nkhani za MBC. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 35 ndi 36, adateteza ufulu wolankhula ndi ufulu wa atolankhani. Kenako mu 1998 kudabwera Communications Act, lamulo limene lidakhazikitsa MACRA ndi kuikanso MBC pa maziko atsopano ngati wailesi yotumikira anthu onse. Lamulolo lidanena poyera kuti MBC igwire ntchito mosakondera mbali iliyonse ya ndale, isalamulidwe ndi munthu kapena gulu lililonse, ndipo pa nthawi ya chisankho ipereke nkhani mosatsamira uku kapena uko. Lamulo la 2016, limene lidalowa m'malo mwake, silidachotse udindo umenewu. Tsono wonena kuti wolamula ali ndi ufulu woitenga MBC atiwonetse ndime imene ikumupatsa ufuluwo. Palibe.

Ife a m'chigwa cha Shire tiyenera kukhala omaliza kuvomera bodza limeneli, chifukwa lidatiluma kale. Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, adapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 1999 ndi mu 2004 ali kumbali yotsutsa, ndipo zisankho zonse ziwirizo MBC idadzudzulidwa kwambiri chifukwa chokondera UDF. Mu 1999 nkhaniyi idafika ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalo lidalamula kuti zipani zipatsidwe mpata wofanana. Woweruza sadanene kuti wailesi ndi ya wolamula. Ambiri mwa amene lero akuombera m'manja MBC ikamanyoza otsutsa ndi ana a anthu omwe ankatukwana wailesi zawo pa nthawi imeneyo, poona kuti Mbuya Chakuamba wachititsa msonkhano wodzaza bwalo koma nkhani za madzulo zangoti zii. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. UDF idaigwiritsa ntchito MBC, itatuluka m'boma n'kulawa chitonzo cha pulogalamu ya MBC ya Makiyolobasi m'nthawi ya Bingu wa Mutharika. Palibe chipani chimene chidalamulapo dziko lino chimene chingaime pagulu n'kunena kuti manja ake ndi oyera pa nkhaniyi.

Otsutsa nawonso ali ndi mlandu wawo. Mu 2007 aphungu otsutsa, amene adali ambiri m'Nyumba ya Malamulo, adapatsa MBC ndi kanema wa boma wa TVM K1 aliyense mu bajeti pofuna kuzilanga chifukwa cha tsankho. Mkwiyo wawo udali womveka, koma mankhwalawo sadachize nthendayo. Wailesi yosowa ndalama imakakamira kwambiri kwa amene angaipatse chakudya, ndipo lamulo losankhira akuluakulu ake lidatsala momwemo.

Nanga zoti wodandaula angopotoza batani? Mlatho wa pa Shire pano pa Chikwawa udamangidwa ndi boma, koma palibe amaima pamenepo kufunsa amene mudamuvotera musanawoloke ndi thumba lanu la thonje, ndipo wina atayesa kutero simungavomere kuti akuuzeni kuti mukasake bwato. MBC imalandira ndalama kuchokera ku thumba la boma chaka ndi chaka. Ndalamazo ndi msonkho umene amadula pa malipiro a wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ndi umene mnyamata wa kabaza amalipira pogula petulo ndi mayunitsi. Msonkho sufunsa chipani. Komanso wailesi zomwe si zaboma zili ndi eni ake, zimadalira otsatsa malonda, ndipo zikhoza kutsekedwa: mu 2022 MACRA idalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole. Wailesi za m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka ku Nsanje zikugwira ntchito yotamandika, koma mphamvu zake ndi zochepa. Imene lamulo lidaisenzetsa udindo wotumikira dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Marka, ndi MBC.

Kuno udindo umenewo ndi nkhani ya moyo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, mafoni ambiri adazima chifukwa chosowa potchajira. Chidatsala ndi kawailesi ka mabatire, kaja komangidwa ndi mphira, mwini wake atayanika mabatire padzuwa kuti atsitsimuke pang'ono, anthu atakazungulira pakhonde la sukulu imene athawirako. Mu March 2023 namondwe Freddy adabwera ndi zoopsa zoposa pamenepo. Pa nthawi ngati imeneyo mawu akuti samukani, madzi akubwera, amafuna omvera amene amakhulupirira woulutsayo. Munthu amene wakhala akunamizidwa miyezi yonse ya kampeni amayamba wakayika, ndipo mtsinje wa Mwanza kapena wa Shire ukasefukira sudikira kuti wokayika atsimikize.

Vuto lenileni tikuliona, ndipo lili m'lamulo lomwelo limene tikuliteteza. Limauza MBC kuti iziima payokha, koma bodi yake amasankha ndi Pulezidenti, ngakhale komiti ya aphungu imaikapo mawu, ndipo ndalama zake zimadutsa ku Capital Hill. Mtolankhani wa MBC ku Chichiri amadziwa bwino amene angamuchotse ntchito. BBC, imene idakhazikitsidwa ngati bungwe la anthu onse mu 1927, nayonso imakangana ndi maboma a ku London, koma gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku chiphaso chimene mabanja oonera kanema amalipira, ndipo zimenezo zimaipatsa poimira. Njira yathu siyenera kufanana ndi yawo, koma mfundo yomasula chingwe cha ndalama ndi cha maudindo ndi yofunika kuno monga konko.

Choncho, awerengi athu a kwa Katunga, kwa Maseya, kwa Lundu ndi kwina konse, uthenga uja ukafikanso pa foni yanu musautumize kwa ena. MBC ikakondera, dandaulo lanu lili ndi kopita, ku MACRA. Ndipo phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, kaya ndi wa boma kaya ndi wotsutsa, mufunseni pamaso pa mafumu ngati adzavotere kusintha lamulo kuti bodi ya MBC izisankhidwa poyera, osati ku nyumba ya boma.