Kodi Mbalame Zathu Anazitcha Maina Ndani?

Loweruka lina tinapita ku Senga Bay ndi aphunzitsi athu a sayansi, ndipo tinaima nthawi yaitali kupenya atchete alikuluka zisa zawo m'bango. Mnzanga wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, dzina la Chilatini limene lili m'buku lija analipereka ndani?" Yankho lawo linandisowetsa tulo, ndipo ndifuna kuti anzanga timvane pa nkhaniyi.

Munthu akapeza mbalame imene akatswiri sanailembepo, amaisenda, naika thonje m'kati mwa chikopa, namanga kapepala kumwendo kunena malo ndi tsiku. Chikopa chimenecho chimasungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo ndicho mboni ya dzinalo mpaka kalekale. Akatswiri akatsutsana za mtundu wa mbalame, amapita kukatsegula kabati ndi kuyang'ana mboniyo.

Tsono mboni zambiri za mbalame za dziko lino sizili kuno ai. Alexander Whyte, amene anagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anatumiza zikopa zochuluka ku London kuchokera ku Zomba ndi ku Mulanje, ndipo G. E. Shelley ndiye anazitcha maina. M'chaka cha 1893 iye anatcha kambalame kena ka khosi lachikasu Apalis flavigularis, kamene sikapezeka kwina kulikonse koma pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Chaka chomwecho anatcha tchete wina wa kumapiri dzina lakuti bertrandi pofuna kulemekeza Bertram Sclater. Taonani, analemba dzina la munthuyo molakwa, koma lakhala choncho kufikira lero! Zikopa za mbalame za ku London zija tsopano zimasungidwa ku Tring.

Anzanga ena anena kuti maina onse a Azungu achotsedwe, tiikepo athu. Inde, nanenso mtima umandiwawa, pakuti alenje amene anakwera mapiri ndi kusenda mbalamezo anali makolo athu, ndipo ambiri maina awo sanalembedwe. Mmodzi amene anakumbukiridwa ndiye Jali Makawa, amene anayenda ndi C. W. Benson zaka zambiri, nadziwa mbalame ndi kulira kwake kokha. Mu 1945 Benson anatcha mbalame ina ya m'nkhalango dzina lakuti makawa. Koma otere ngowerengeka.

Ngakhale zili choncho, ine sindivomera kuti maina a Chilatini asinthidwe. Lamulo lawo likuti dzina loyamba kulembedwa ndilo likhale, ndipo lamulo limenelo ndilo lichititsa kuti wophunzira wa ku Salima ndi wa ku Japan adziwe kuti alikunena mbalame imodzi. Aliyense akayamba kufafaniza dzina limene lamunyansa, mabuku onse adzasokonezeka. Maina a Chingerezi ndi nkhani ina. Akatswiri a ku America analengeza mu 2023 kuti adzasintha maina a mbalame zotchedwa ndi maina a anthu, ndipo zimenezo nzawo.

Chimene chindidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Mu 1927 W. L. Sclater anatcha mbalame ina Alethe choloensis, kutengera ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo mbalameyo yasowa pokhala pamalo pomwe panaipatsa dzina. Kodi tidzapindulanji kukanganirana dzina pamene mwini dzina alikutha?

Ndiponso maina athu enieni akuiwalika ife tili chipenyere. Tsiku lija kunyanja tinalipo ambiri, koma tinatha kutchula nkhwazi, tchete, pumbwa ndi mpheta basi, pamene nkhalamba ina imene inali kusoka ukonde inatitchulira mbalame iliyonse yodutsa, ina m'Chichewa, ina m'Chiyao. Tinachita manyazi. Palibe kabati ku Tring imene idzatisungira maina amenewo.

Chotero ndipempha a Wildlife Club kuti tigule kope lalikulu. Patchuthi aliyense akafunse agogo ake maina a mbalame, nalembe mudzi, tsiku, maonekedwe a mbalameyo ndi dzina la amene wamuuza, monga momwe amalembera pa kapepala ka kumwendo kaja. Ine ndayamba kale ndi a malume anga, ndipo ndili nawo maina 14.