Mankhwala a Mnzako Sachiza Nthenda Yako

Anzanga ambiri pano pasukulu akamva mawu akuti gofu amaseka, nanena kuti ndi masewera a mabwana oyenda monyada pa udzu wometa, ndi kuti ife a mpira wa miyendo sitingatolemo nzeru iliyonse. Ine ndikana. Ndifuna kunena za munthu wosewera gofu mongokonda, wosalandira malipiro, amene madzulo ake onse amathera pokonza kayendedwe ka mikono ndi manja ake pomenya mpira. Munthu wotere achita bwino ndithu, koma pali msampha umodzi umene umakola ambiri a iwo, ndipo msampha womwewo watcheredwanso m'kalasi mwathu.

Poyamba tione chimene iye akukonza. Mpira wa gofu ndi waung'ono, wolemera magalamu osakwana 46, ndipo ndodo imaukhudza kwa kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kamphindi kotere palibe munthu angakonze kanthu. Zonse ziyenera kukhala zitakonzeka kale. Wosewera wa dzanja lamanja amatsogoza mkono wamanzere, wowongoka koma wosauma gwa. Pokweza ndodo kumbuyo, mfundo za manja, paja timavala wotchi, zimapindika kufikira ndodo ndi mkono zitapanga ngodya yonga ya buku. Potsitsa, chiuno ndicho chiyamba kutembenuka, mapewa natsatira, ndipo mfundo zija zimamasuka pomalizira, manja atafika pafupi ndi ntchafu. Aliyense amene anawazapo nkhuni adziwa zimenezi, pakuti ukamasula nkhwangwa ikadali m'mwamba, imafika pachipika mphamvu itatha. Wongoyamba kumene amachita chomwecho ndi ndodo yake, nakumba pansi asanaufike mpira, ndipo akalimbikira kukumbako masiku ambiri, chigongono chimayamba kuwawa.

Mfundo ya dzanja lamanzere ili ndi ntchito inanso. Ndiyo imalamulira kumene kwayang'ana nkhope ya ndodo, ndiko kuti mbali yomenyera mpira. Dzanja likapindikira kumbuyo kwake, nkhope imatseguka, mpira nukhotera kumanja. Likapindikira kuchikhatho, nkhope imatsekeka, mpira nukhotera kumanzere.

Tsono msampha uja ndi uwu. Ben Hogan wa ku America, amene m'chaka cha 1953 anapambana mipikisano itatu mwa inayi yaikulu ya gofu, anavutika zaka zambiri ndi mpira wokhotera kumanzere. Mu 1955 anaulula m'magazini ya Life mmene anachiritsira nthendayo. Anasintha kagwiridwe ka ndodo, ndipo ndodo ikafika pamwamba ankapindira dzanja lamanzere kumbuyo kuti nkhope itseguke. Ambiri anamutsanzira, poti wanena ndi katswiri. Koma nthenda ya osewera wamba ochuluka ndi ina: mpira wawo umathawira kumanja, chifukwa nkhope ya ndodo yawo imafika pampira ili yotseguka kale. Munthu wotere akatenga njira ya Hogan afanana ndi wodwala kutsegula m'mimba amene wamwa mankhwala otsegula m'mimba. Akachita khama, nthenda nayonso imakula.

Wina adzafunsa kuti, "Kodi tileke kuphunzira kwa akatswiri, aliyense azimenya monga wafunira?" Iyayi. Tiphunzire kwa iwo, koma titenge chifukwa chimene anachitira chinthucho, osati maonekedwe ake okha. Taganizani za Papwa Sewgolum wa ku Durban, amene anayamba gofu ali wonyamulira azungu ndodo. Iye ankagwira ndodo mozondotsa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, kagwiridwe kamene mphunzitsi aliyense akadamletsa. Komabe anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndipo mu 1965 anagonjetsa Gary Player pa mpikisano wa Natal Open, ngakhale malamulo a tsankho a dziko lake ankamtsekereza njira. Sindikuti tonse tizondotse manja. Ndikuti Hogan ndi Sewgolum, ngakhale manja awo anali osiyana, onse ankafikitsa nkhope ya ndodo pampira mmene anafunira, tsiku ndi tsiku. Chofunika ndi chimenecho.

Chotero wosewera wanzeru ayambe wayang'ana kumene mpira wake ukuthawira, pakuti mpira sunama. Kenaka apemphe mnzake amuonere manja, kapena amjambule, chifukwa ndodo ikakhala pamwamba manja ali kumene maso a mwini wake safika. Mutu umodzi susenza denga. Akadziwa nthenda yake, asankhe chinthu chimodzi chokha, nachibwereze modekha kufikira manja atazolowera, pakuti mphini yobwereza ndiyo imawala.

Nanga ife bwanji? Mayeso akayandikira, tikamva kuti mnzathu amene amakhala nambala wani amadzuka usiku kukawerenga, gulu lonse limadzuka naye, ena mpaka kuviika mapazi m'madzi ozizira. M'mawa mwake timawodzera aphunzitsi ali kutsogolo. Mwina iye chimene chimamsowa ndi nthawi yokha, pamene ife chotisowa ndi kumvetsa masamu, ndipo kusagona sikuchiza zimenezo. Mapepala athu amene aphunzitsi achonga ali ngati mpira uja: amaonetsa poyera kumene tikukhotera. Ambiri timangoyang'ana malikisi pamwamba, n'kupinda pepala, n'kulitaya pansi pa sutikesi.

Ndikupemphani, anzanga, kuti teremu ino titulutse mapepalawo, tione pamene pali inki yofiira, ndipo tipite nawo kwa aphunzitsi athu kukafunsa chimene chikutivuta aliyense payekha. Inunso aphunzitsi athu olemekezeka, tikabwera mutilandire, ndipo musatipatse tonse mankhwala amodzi.

Wophunzira wa Fomu 4